Gologolo ndi Chilombo Chopanda Dzina

Chaka chimenecho mvula inanyanyala, ndipo chakudya chochepa chimene chinatsala m'thengo chinali m'manja mwa amphamvu okhaokha. Gologolo analibe nyanga kapena zikhadabo zoopsa. Anali ndi pakamwa basi.

Tsiku lina anapeza Nguluwe akufukula mbatata.

"Amalume, mudakali pano? Simunakumane nacho?"

"Chiyani?" anafunsa Nguluwe, m'kamwa muli tho.

Gologolo anatsitsa mawu. "Dzina lake sindilidziwa. Koma chikamayenda pansi pamangoti diii... diii... Udzu tswaa, tswaa. Maso psuu! Mano kukutu, kukutu."

Akanati ndi mkango, Nguluwe akanafunsa kuti ndi waukulu bwanji. Koma "diii" ungamufunse chiyani? Nguluwe analiyatsa liwiro, ndipo Gologolo anadya mbatata mpaka mimba kuwawa.

M'mawa mwake anapeza Nyani atakhala mumtengo wa masuku, wokhawo umene unabereka. Apa anasintha nyimbo, poti Nyani saopa zoyenda pansi.

"Achimwene, chimakwera mitengo chimenechi. Zala zake kwee, kwee pakhungwa. Mpweya wake fuu pakhosi panu. Kenako, khaa!"

Nyani anachoka osatsanzika.

Gologolo anayamba kudzimva. Tsiku lachitatu anaona Nsato atadzipinda pansi pa muula, maula akupsa ali mbwee.

"Agogo, thawani! Chikubwera! Diii... diii..."

Nsato anangotulutsa lilime. "Ukuti chiyani, mdzukulu wanga? Ine makutu ndilibe. Sendera."

Gologolo anasendera, natulutsa zonse za m'thumba: gudugudu, phofo, lakalaka.

"Pakamwa pako pakuyenda mokongola ndithu," anatero Nsato. "Chisoni n'chakuti sindikumva. Senderanso pang'ono."

Chiyambire luso lakelo palibe anali atamuyamikirapo, poti omvera ake onse ankathawa nkhani isanathe. Mtima unamukomera. Anasendera.

Nsato sanachite phokoso lililonse. Gologolo anangozindikira mchira wake uli m'kamwa mwa agogo aja. Anaphiriphitha, nadzikoka ndi mphamvu zake zonse, napulumuka. Ubweya wonse wa kumchira unatsalira komweko.

Panjira anakumana ndi Nguluwe ndi Nyani, onse ali ndi njala.

"Nanga mchirawo watani?" anafunsa Nyani.

"Nsato... anandigwira," anatero Gologolo. "Anangondigwira."

Awiriwo anayang'anana, naphulika kuseka.

Aka kanali koyamba Gologolo kunena zoona, ndipo anazifotokoza moipa kwambiri moti palibe anamukhulupirira.