Moto wa Kwawo kwa Wendell Brekke

M'ofesi ya kampeni ya Wendell Brekke munkanunkhira khofi ndi utoto wa zikwangwani zatsopano. Chisankho cha chipulula cha chipani cha Republican chinali pafupi, ndipo m'chigawo chimenecho cha dziko la America wopambana chipulula ankakhala ngati walowa kale m'nyumba ya bwanamkubwa, poti chipani chinacho chinalibe mano. Wendell ndiye anali patsogolo. Anabadwira kumadzulo, kwa oweta ng'ombe, koma masiku amenewo ankadya ndi eni mabanki ndi eni zitsime za mafuta, ndipo iwowo ndi amene ankamulipirira ndege yopitira kumisonkhano.

M'mawa wina foni inalira. Anali mkulu wake, Orrin, amene anatsala pafamu ya makolo awo.

"Wendell, kuno kwapsa. Moto wasesa msipu wonse, ng'ombe zafera m'mipanda. Aneba athu a Halvorsen akuwombera okha ng'ombe zawo zimene zapsa ziboda. Bwera."

"Pepani, achimwene. Inuyo muli bwanji? Nanga alamu?"

"Tili moyo. Pepaniyo usunge. Anthu akufuna akuone ndi maso. Bwera udzangoima nawo, ngakhale usanene kanthu."

Wendell anayang'ana Brice, mkulu woyendetsa kampeni yake. Brice anapukusa mutu, nanong'ona kuti, "Mawa muli ndi phwando la akuluakulu otithandiza, kenako mtsutso wa pa TV. Kumadzulo kuli kale m'thumba mwathu, bwana. Ng'ombe siziponya voti."

"Ndibwera chisankho chikatha, achimwene," anatero Wendell. "Ndikakhala pampando ndidzathandiza koposa."

"Pampando," anabwereza Orrin pang'onopang'ono. "Chabwino, a bwanamkubwa." Anadula foni.

Mkazi wake, Lorna, atamva nkhaniyi anaika foloko pansi.

"Wendell, pamaliro a bambo ako anthu aja anakumba manda nthaka itauma gwa ndi chisanu. Palibe anati ali ndi zochita. Tenga galimoto upite."

"Anthu akwathu ndimawadziwa, Lorna. Sadandaula. Moto uwu si woyamba."

"Ukuwadziwa a kale. A lero sunawaone."

Mumtima Wendell ankadziwa kuti mkazi wake akunena zoona, koma mpando unali utayandikira kwambiri moti ankaopa kucheuka.

Pamtsutso uja mtolankhani anamufunsa za motowo. Wendell anamwetulira monga anamuphunzitsira Brice.

"Alimi akwathu ndi anthu olimba, safuna boma liwagwire pamkono ngati ana. Udzu umaphukanso. Nkhaniyi ena akungoikuza."

M'holo ya mumzinda anthu anaomba m'manja. Koma kumadzulo, m'tchalitchi mmene munkagona mabanja amene nyumba zawo zinapsa, anthu ankaoneranso TV. Mawuwo anawagwera ngati mchere pachilonda. Palibe anatukwana. Mayi wina anangodzuka n'kuzimitsa.

Wopikisana ndi Wendell anali Marlys Kovar, phungu wosadziwa kukometsa mawu, amene manyuzipepala ankamutchula pomaliza. Iye anasiya misonkhano ya m'tauni, nakwera lole yonyamula udzu wouma kupita kumene kunapsa. Anthu a Wendell ankaseka kuti mayiyo akuchitira kampeni ng'ombe. Ngakhale kumadzulo komweko ena ankati ndi ndale chabe. A Halvorsen anawayankha kuti, "Kaya ndi ndale, kaya ndi chifundo, ng'ombe zanga zotsala zadya."

Tsiku la chisankho mizinda inamupatsa Wendell mavoti ambiri, ndipo Brice anayamba kuitanitsa vinyo. Kenako zotsatira za kumadzulo zinayamba kufika. Anthu amene anamutumiza kunyumba ya malamulo ali mnyamata, amene sanamukanepo chiyambire, anamufulatira boma ndi boma. Marlys Kovar anapambana ndi mavoti ochepa, ndipo ochepawo anachokera kwawo kwa Wendell.

Kutacha foni ya Wendell inali zii. Eni mabanki anali ataimbira kale wopambana, Brice anali atasiya makiyi patebulo, ndipo antchito ankatsitsa nsalu zojambulidwa njovu, chizindikiro cha chipani, n'kumazipinda. Wendell anatenga galimoto yekha n'kulunjika kumadzulo.

Atadutsa mtsinje, dziko linasanduka lakuda mpaka kumene maso amalekezera. Mitengo ya mipanda inali zitsa. M'mbali mwa msewu munali milu ya dothi latsopano, italiitali, ndipo anazindikira kuti ndi mmene anakwiriramo ng'ombe. Anatsitsa galasi, fungo linamulowa pakhosi, ndipo anaima pambali kwa nthawi.

Wendell anapeza Orrin atakhala kumbuyo kwa galimoto yake yonyamulira katundu, pamalo pamene panali khola la bambo awo. Anali ataonda, nsidze zitawauka.

"Wabwera," anatero Orrin.

"Ndabwera mochedwa, achimwene. Sindinkadziwa kuti zafika apa."

"Ndinakuuza."

"Munandiuza."

Mphepo inkaulutsa phulusa pakati pawo. Kenako Orrin anavula chipewa n'kumuyang'ana mng'ono wake m'maso.

"Pali chinthu chimodzi ndikufuna umve kwa ine, osati kwa anthu. Sindinakuvotere. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana dzina lako, dzina la bambo athu. Dzanja linakana."

Wendell anaweramitsa mutu. Kugonja kwa dzulo kunali kopepuka poyerekeza ndi mawu amenewo.

Anthu akuluakulu anamunyamula m'mwamba mpaka analeka kumva zimene zinkaluma mapazi a abale ake, ndipo atatsika anatsikira pakati pa omwewo amene anawapeputsa. Akale sananame: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.