Chitsime cha Malemu Mfuko

Kalekale nyama zonse zinkamwa pa chitsime chimodzi. Anachikumba ndi Mfuko, yekha, ndi zikhadabo zake, chaka cha chilala. Ana inu khalani chete. Akulu inu, amene mumaiwala munthu dothi la pamanda lisanaume, tcherani khutu.

Mfuko anamwalira, n'kusiya mwana wake, Kamfuko. Maliro asanametedwe, Mvuu anabwera kuchokera kutauni ndi makina anzeru. Makinawo ankameza mawu ndi nkhope, n'kulavula chilichonse chimene mwiniwake wafuna.

Mvuu anaitana nyama zonse. Anadina batani. Chithunzi chinatuluka: Mvuu ali m'dzenje, thukuta kamukamu, akukumba. Anadinanso. Panamveka mawu a malemu, ndi kachifuwa kawo komwe: "Ine ndinkangotaya dothi. Chitsime n'cha a Mvuu."

Nyama m'manja phu phu phu! Ngakhale Nyani, amene malemu anamutungira madzi oyamba.

"Bambo sananene zimenezo!" anakuwa Kamfuko.

"Ukutsutsa akufa, mwana wopanda mwambo iwe?" anatero Mvuu. "Kuyambira lero, womwa pano ayambe wandigwadira."

Kamfuko analowa pansi, kudzera njira imene bambo ake anamuonetsa, n'kumata kasupe ndi dongo. Chitsime gwaa, kuuma.

"Musadandaule," Kamfuko atatuluka anauza nyama, "mkumbi tili naye. A Mvuu, tsikani monga pachithunzi paja."

"Lero msana wandivuta."

"Pachithunzi munalibe msana?" anafunsa Kamfuko.

"Tsikani! Tsikani!" zinakuwa nyama, kukhosi kuli gwaa.

Mvuu analowetsa mutu. Mimba inakanirira. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, miyendo m'mwamba phiriphiri.

"Funsani makina!" analira.

Nyani anadina. "Chitsime n'cha a Mvuu." Anadinanso. "Chitsime n'cha a Mvuu."

Kamfuko analowanso pansi paja, n'kutulukira pamphuno pa Mvuu penipeni.

"Anakumba ndani?"

"Bambo ako."

"Kwezani mawu, kumtunda sakumva."

"Anakumba ndi Mfukooo!"

"Yekha?"

"Yekhaaa! Ine ndinali kudambo, ndikugona!"

Apo Kamfuko anakanda dongo lija. Madzi fwaa! Mvuu anazuka ngati chitsekerero cha botolo, n'kukagwera makina ake omwe, tswaa!

Kamfuko anatuluka, matope thupi lonse, n'kuima pakamwa pa chitsime. "Imwani," anatero. "Bambo sankagwaditsa munthu."

Zinamwa, maso ali pansi.

Nthano yanga yathera pamatope pomwepo. Bodza likhoza kubwereka mawu a bambo ako, koma zikhadabo zawo silingabwereke. Amene wamva kuyabwa adzikande.