Miono Yovindikira Anapiye

Panali mayi wina amene ankakhala m'mbali mwa mtsinje, nyumba imodzi ndi mkulu wake Nankhoma. Pakati pa zipinda zawo panali chipupa cha bango, chopyapyala moti wina akatsokomola uku, winayo ankati pepani. Mwamuna wa Nankhoma anali msodzi, ndipo nsomba zake ndizo zinkadyetsa ana a zipinda zonse ziwiri.

M'mawa wina, mvula yoyamba itagwa, mayi uja akuyamwitsa khanda anamva mkulu wake akulankhula ndi mwamuna wake kuseri kwa chipupa.

"Bambo a Lezina, neti imeneyo amagonamo ana. Mukunka nayo kuti?"

"Kubiyo. Ndikatseke khomo."

"Khomo limene bambo anu sankalikhudza?"

"Bambo anga anagona, Nankhoma. Ife tikadali ndi mimba."

"Nsomba zikutha mumtsinjemu."

"Zikutha? Ndi liti dengu langa linabwera lopanda kanthu? Chaka chatha linadzaza, chinacho linadzaza. Inu mumaonera nsomba mumphika, ine ndimalowa m'madzi."

"Mumphikamo ndimo ndaonera. Kale ndinkadula nthuli. Lero ndimangotapa ngati mtedza."

"Kutapako ndiye kuchuluka kumene."

Biyo ndi mpanda wa mitengo ndi bango umene amadutsitsa pamtsinje, n'kutchera miono m'mipata yake. Madzi akafiira, nsomba za ntchila zimakwera kumtunda kukaikira mazira. Makolo ankasiya khomo pakati pa mpandawo kuti zina zidutse. Khomo limenelo ndilo msodzi ankafuna kutseka ndi neti ya udzudzu.

Mayi uja anamva zonse. Za m'madzi sankazidziwa, iye ankadziwa nkhuku. Chaka chilichonse mlamu wake akaluka mono watsopano, wakalewo ankautaya kuseri, mayiyo n'kuutola kuti azivindikira anapiye, kuopa kabawi. Sanatayepo mono ndi umodzi womwe. Ndipo panali chinthu chimene ankachiona osachiganizira. Mono wakale kwambiri, wa malemu bambo a msodzi, anapiye ankangotulukira m'mipata, moti ankasungiramo thadzi lokha. Wa chaka chatha, ngakhale mphemvu inkavutika kulowa.

Anabereka khanda kumsana. Anatulutsa miono yonse pansi pa nkhokwe, naindanda panjira yopita kudooko, kuyambira wa malemu mpaka wa chaka chatha. Msodzi anatuluka, neti ili paphewa.

"Alamu, musanapite tandithandizani. Anapiye aswa dzulo. Ndiwavindikire ndi uti?"

Msodzi anaseka, naloza wa chaka chatha. "Uwu. Mu inayo angotulukira m'mipata, simukuona?"

"Ndikuona. Nanga uwu wa kumapetowu, wotulutsa anapiye, unkagwira chiyani?"

"Uwo ndi wa malemu. Nsomba zawo zinali ngati mkono wangawu."

Atanena zimenezo anauyang'ananso monowo. Anagwada, nalowetsa chibakera mumpata wa mono wa bambo ake, chinalowa chonse. Wotsatira munalowa zala zitatu. Wina ziwiri. Anayenda ndi mawondo mpaka kumapeto, kumene ngakhale chala chaching'ono chinakana. Yonseyo, kupatula woyamba uja, anailuka yekha ndi manja ake. Palibe chaka chimene ananenapo kuti nsomba zachepa. Ankangoona kuti zayamba kupulumuka, iye n'kupanikiza nsungwi pang'ono. Dengu linkadzaza monga kale. Poyamba ankagwira amayi a nsomba, kenako ana awo, kenako zidzukulu, ndipo tsopano paphewa pake panali neti yosadutsa udzudzu.

Anaisiya netiyo pakhonde. Ananyamula mono wa malemu, natsikira kumtsinje. Mayi uja anatsatira ndi matewera okachapa.

Madzi anali atafiira bwino, nthawi yake yeniyeni. Msodzi anatchera mono uja, khomo analisiya lotsegula, nakhala pamwala n'kumayang'ana. Ali mwana, khomo limenelo linkachita kuda ndi misana ya nsomba, phokoso lake kumveka mpaka kumudzi. Tsikulo madzi ankangodutsa okha. Mayi uja anachapa, anayanika, matewera anauma. Dzuwa litapendeka, msana umodzi unaonekera pakhomo, n'kukwera kumtunda. Onse awiri anauona. Msodzi anaimirira, nadikira wina wotsatira, pakuti nsomba imodzi siswana yokha. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Atavuula mono anapezamo masamba ndi nkhanu.

Anabwerera kumudzi ndi dengu lopanda kanthu, koyamba chikwatirire. Nankhoma analiyang'ana, osanena kuti ndinanena ine. Anangolowa m'munda kukathyola chigwada.

Inu amene mukumva fanizoli, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ichi ndachiona. Dengu lodzaza limanama. Musamangofunsa ngati ladzaza, muzifunsanso kuti mwaluka mono wotani kuti lidzaze. Ngati nkhuni mukubwera nazo mtolo womwewo koma miyendo ikutopa kuposa chaka chatha, ngati madzi mukutunga ndowa yomweyo koma chingwe mwachilumikiza, chinthucho chikutha, ngakhale m'nyumba mwanu simunagonebe ndi njala. Yang'anani miono yanu yakale khomo likadali ndi chodutsapo.

Madzulo ake mayi uja anatchera khutu kuchipupa. Kunalibe mkangano. Anamva madzi osamba m'manja akuthiridwa m'beseni, mbale ikuikidwa pamkeka.

"Chigwada chokhachokha?" anafunsa msodzi, mawu ali pansi.

"Ndi nkhanu yanu ija," anatero Nankhoma. "Sunthirani kuno."

Ndipo msodzi anakhala pansi, nayamba kudya.