Chingwe Chimene Chinadulidwa ndi Khasu

Panali munthu wina amene ankakonda wailesi kuposa ndiwo zankhuli. Pa unyamata wake ankagwira ntchito yokoka mawaya a telefoni, ndipo atasiya ntchitoyo anakamanga nyumba kwawo kwa mkazi wake, m'chigwa, kuseri kwa phiri. Kumaloko wailesi sinkagwira bwino. Iye sanagonje. Anadzipangira yekha eriyo ndi timapaipi, n'kuimangirira pa mlongoti wa bulugama pamwamba pa chulu, kumtunda kwa munda. Kuchokera pamenepo anakoka chingwe chakuda, nachikwirira pansi, kudutsa m'munda wa mkazi wake mpaka m'kachipinda kake ka kumapeto kwa nyumba.

M'kachipindako ndi mmene munali moyo wake. Akatseka chitseko ankamvera mawu a kutali, a maiko amene sanapondeko, ena a zilankhulo zimene sankazimva n'komwe. Sanali munthu wankhanza, ayi. Sanakwezepo dzanja pa mkazi wake. Kungoti zinthu zake sizinkakhudzidwa. Ana anakulira m'nyumbamo akudziwa kuti pakhomo paja munthu amadutsa monyang'ama. Mkazi wake, Nachisale, ankasiya tiyi pansi, kugogoda kamodzi, n'kubwerera.

Tsiku lina m'chilimwe, mwamuna atapita kumsika, Nachisale ankagalauza mizere. Khasu linakhudza chinthu cholimba. Atafukula ndi manja, anapeza chingwe chija chili pawiri. Anaponya khasu pansi ndi mantha.

Koma anali mayi wa maso. Anakhala pansi, nasenda nsonga ziwirizo ndi mpeni wodulira ndiwo, n'kuona mmene chingwecho chinapangidwira. Pakati penipeni panali waya mmodzi wa mkuwa, wovekedwa pulasitiki yoyera. Pamwamba pa pulasitikiyo panali timawaya tating'ono ngati tsitsi, tolukanalukana. Iye anapotokola wa pakati ndi wa pakati mnzake, nakulunga ndi pepala la shuga. Kenako analumikiza timawaya takunja tokhatokha, nakulunga zonse ndi jumbo, kumanga ndi luzi, n'kukwirira. Pamwamba anadzalapo nyemba.

Mwamuna atabwera analowa m'kachipinda kake. Nachisale anaima kukhitchini, khutu lili tcheru. Wailesi inalankhula monga mwa masiku onse. Iye anapumira m'mwamba nati mumtima mwake, basi zatha.

Zinali zisanathe, ana anga. Zinali zitangokwiriridwa.

Mvula itagwa, madzi anapeza njira m'jumbo muja. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono m'kati mwa timawaya tolukana tija, kumtunda ndi kumunsi komwe. Mawu a pa wailesi sanazime tsiku limodzi. Anayamba kumira m'phokoso longa la mvula pa malata, lero pang'ono, mawa kuwonjezera. Munthu uja anasintha mabatire. Anatsegula wailesi n'kupukuta fumbi. Anakwera pachulu kukayang'ana eriyo, napeza ili bwinobwino. Chingwe chokha sanachiganizire, chifukwa anachikwirira yekha ndipo ntchito ya manja ake ankaikhulupirira.

Kenako anakumbukira bambo ake. Iwo anagontha atafika msinkhu ngati womwewo, ndipo poyamba ankadandaula kuti m'makutu mwawo mukugwa mvula.

Masana ena anachita chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka makumi atatu. Anatsegula chitseko chija n'kuitana mkazi wake.

“Nachisale, talowani mumvere. Mukumva bwanji?”

Phokoso linali litadzaza chipinda chonse. Nachisale anadziwa kuti akanena zoona, mwamuna afufuza mpaka akafika pa nyemba paja. Anayang'ana pansi.

“Ine ndikumva bwinobwino, bambo,” anatero.

Mantha, abale! Amachititsa munthu wabwino kunena chimene sakanafuna kunena. Mwamuna uja anangogwedeza mutu. Anathimitsa wailesi, naifunditsa nsalu.

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kulowa m'kachipinda. Anasiyanso kupita kubawo, poopa kuti anzake azimuseka akamawafunsa kawiri. Ankangokhala pakhonde, kutchera khutu kwa nkhuku ndi mbuzi, kudziyesa ngati akumvabe. Chakudya ankangochigwiragwira. Nachisale ankaona malaya akuyamba kumukulira, ndipo mtima unkamupweteka. Ankafuna kuulula, koma mantha ankamubweza.

M'mawa wina, mayiyo akupeta mpunga pafupi ndi zenera la pabalaza, mwamuna anasendeza mpando wake.

“Nachisale,” anatero motsitsa, “masiku ano muzindilankhula kwambiri. Zilizonse, ngakhale za mitengo ya tomato. Ndikufuna ndisunge mawu anu asanandithawe. Ndamvera anthu a kutali zaka zonsezi, koma amene ndidzawasowe ndi anuwa.”

Lichero linagwa. Mpunga unamwazika, nkhuku n'kuthamangira, koma iye sanazipirikitse. Anadzuka, natenga khasu, nagwira mwamuna wake padzanja mpaka kumunda. Anazula nyemba zija zili ndi maluwa, nafukula jumbo ija n'kuiika m'manja mwa mwamunayo.

“Makutu anu ali bwino,” anatero akulira. “Ndinadula ndine. Ndinabisa ndine. Tsiku lija ndinakunamizani.”

Munthu uja anakhala pansi pa mzere. Anamasula luzi, nafunyulula jumbo. Madzi akuda anatuluka. Mkuwa unali utabiriwira, timawaya tija tikungoyoyoka. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo Nachisale anadikira ukali.

“Munalumikiza bwino,” anatero pomaliza. “Wa pakati ndi wa pakati, akunja ndi akunja, osakhudzana. Amuna ambiri amene ndinagwira nawo ntchito ankalephera zimenezi. Chinakulakwirani ndi madzi basi.” Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. “Koma mayi, zaka makumi atatu tili m'nyumba imodzi, inu n'kumandiopa chonchi chifukwa cha chingwe? Ndiye kuti ine ndakhala munthu wotani?”

Sanadikire yankho. Anakatenga mpeni ndi pulayala, naika chitsulo chowotcherera pa mbaula. Anadula nsonga yowola, nasenda. Mkuwa unali wobiriwirabe. Anadulanso chakutsogolo. Wakuda. Anadulanso.

“Bambo, chingwe chitha,” anatero Nachisale.

“Chowola sichilumikizika,” anayankha. “Tidula mpaka tipeze powala.”

Anadula mikono iwiri kumtunda, itatu kumunsi, mpaka mkuwa unati mbee mbali zonse ziwiri. Pamenepo panatsala mpata waukulu pakati pa nsonga ziwirizo. Nachisale anafunsa ngati sangaikepo kachidutswa kena. Mwamuna anati mfundo iliyonse imadyako mawu, ndipo m'chigwa muno mawu amafika kale otopa. Imodzi ikwana. Choncho anafukula mbali ya kunyumba yonse, natulutsa chingwe m'kachipinda kaja, nachikokera kumtunda mpaka nsonga zinakumana.

“Gwirani apa,” anatero. “Manja anga awiri sakwana.”

Nachisale anagwira nsonga ziwirizo. Mwamuna anawotcherera waya wa pakati ndi mtovu, nabwezera chophimba chake choyera, nakulunga ndi tepi. Kenako anapesa timawaya takunja timodzitimodzi, kuonetsetsa kuti ngakhale kamodzi kasalowe m'kati kukakhudza wa pakati, chifukwa kamodzi kokha kangathe kupha mawu onse. Anatilukanitsa, nawotcherera. Pamwamba anakulunga tepi, nazenga mphira wa chubu cha njinga mokoka kwambiri, kuti dontho lisapeze polowera. Mfundoyo sanaikwirire. Anaikweza pa chikhomo, naivindikira ndi chitini, pamalo poti aliyense wodutsa ndi khasu aione.

Atabwerera kunyumba ndi nsonga inayo, chingwe sichinafikenso kukachipinda. Chinathera pa zenera la pabalaza, pomwe mpunga uja unamwazikira.

Akanatha kutumiza uthenga kutauni kuti amugulire chingwe chatsopano. Akanathanso kuzula mlongoti n'kuusendeza. Iye anaima pazenerapo, chingwe chili m'manja, kenako analowa m'kachipinda kake. Anatuluka atanyamula wailesi, nabwereranso kukatenga tebulo. Anaziika pafupi ndi mpando wa mkazi wake, nalumikiza, natsegula.

Mawu anatuluka oyera ngati munthuyo ali pakhonde. Anali mayi wina wa kutali akuimba m'chilankhulo chimene onse awiri sankachidziwa. Munthu uja anatseka maso, misozi n'kutsika. Kenako anachepetsa wailesiyo.

“Ija ya tomato ija,” anatero, “tandiuzani.”

M'kachipinda muja chaka chimenecho anasungiramo mtedza.

Tsono iwe Lingisoni, ndi inu amake Yankho, mwandiitana ine nkhoswe yanu ulendo wonsewu, ndisanamwe n'komwe madzi mwayamba kale kundiuza kuti zatha, mwakhululukirana. Ine sindikutsutsa. Ndikuonanso kuti mwakhala pa mphasa imodzi. Koma chiyambire kulowa muno simunayang'anizane m'maso, ndipo zimenezi zikundimvetsa chisoni, chifukwa nonse ndimakukondani. Mwakulunga ndi jumbo, ana anga, ndipo mvula ikubwera.

Fukulani. Nenani chimene chinaduka, ndi amene anadula, ndi chimene winayo anaopera kunena. Zipweteka, ndipo mudula zambiri musanapeze powala. Mukatha mudzaona kuti chingwe chafupika, sichikufikanso pamene aliyense anazolowera kukhala. Pamenepo musayambe kukokana. Wina anyamule tebulo lake, asendere.

Iwe Lingisoni, usayang'ane kudenga. Tebulo ndikunenali ndi lako.