Chikombole cha Mpongozi

Mu shopu ya Mayi a Zipewa munkanunkha nthunzi ndi nsalu yaubweya yonyowa. Pashelefu pankakhala zikombole zamtengo zoumbira zipewa zitandanda ngati mitu ya anthu odikira basi, zonsezo zosemedwa ndi malemu amuna awo. Mayiwo ankafewetsa nsalu pakamwa pa ketulo, nkuikokera pachikombole, nkuimanga ndi chingwe mpaka itauma. Ntchito yawo inkatamandika, koma zikombolezo zinali zitakalamba: china chofumbwa, china chong'aluka, ndipo mmisiri wina wodziwa kuzisema sankapezeka.

Mwana wawo anakwatira mkazi wogwira ntchito pamalo pomwe makina amasindikiza zinthu zogwirika. Kumeneko munthu amajambula chinthu pakompyuta, makinawo nkumayala pulasitiki yosungunuka mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthucho chitaima chokha. Tsiku lina mpongoziyu anapeza mayiwo akumata mng'alu wa chikombole ndi guluu.

"Amayi, bwanji ndikakupangireni china? Mungondipatsa miyeso, zotsalazo achita ndi makina."

"Inu mwabwera dzulodzuloli m'banja muno," anayankha mayiwo osadzutsa mutu. "Pulasitiki ndi ya mabeseni. Chipewa changa sichidzaumbidwa pa beseni."

Mpongozi anaisiyira pomwepo nkhaniyo.

Patapita nthawi kunabwera kasitomala wawo wakale, mayi wogulitsa maluwa. Atatseka chitseko anavula mpango umene anamanga kumutu. Tsitsi lonse linali litathothoka ndi mankhwala a khansa.

"Mwana wanga akukwatiwa posachedwapa," anatero wamaluwayo. "Sindikufuna anthu azidzayang'ana ine m'malo mwa mkwatibwi. Ndipangireni chipewa chokongola, koma chisadzandipweteke. Khunguli lasanduka la khanda."

Mutu wopanda tsitsi unali utachepa, ndipo chikombole chokha choyandikira muyeso wake chinali chomata chija. Mayi a Zipewa ankadziwa bwino kuti nchosadalirika, koma anaumitsa khosi nkukokera nsalu pomwepo. Nthunzi italowa, guluu anafewa, mng'alu unayasama, ndipo chipewa chinauma chili ndi kamsana m'kati. Anachisita, anaphimba kamsanako ndi kansalu, nkudzinamiza kuti sikamveka.

Tsiku loyesa, wamaluwa anachivala nkumwetulira pagalasi. Pang'onopang'ono kumwetulirako kunazima. Atachivula, pamutu pake panali mzere wofiira.

"Musadandaule, ndidzapirira," anatero. "Ndapirira zambiri chaka chino."

Mawu ofatsawo anawalasa mayiwo kuposa mwano. Wamaluwa atangotuluka, iwo anatseka shopu dzuwa lili paliwombo nkulunjika kuntchito kwa mpongozi wawo. Anaima pakhomo ngati munthu wodzapempha moto kwa mnzake amene anakangana naye dzulo.

"Mwananga," anatero, "beseni lako lija likadalipo?"

Mpongozi sanaseke, ngakhale maso ake ankaseka. Anawakokera mpando pafupi ndi kompyuta nkulowetsamo miyeso ya mutu wa wamaluwa. Mayiwo ankaloza ndi chala: apa patsike pang'ono, apa pazungulire kangalande kogwira chingwe. Makina atayamba kulira, anatsamira pafupi kwambiri kuonerera mutu wa chikombole ukumera kuchokera pansi, mpaka mpongozi anawachenjeza kuti apsa mphuno.

Chikombole choyambacho chinawagwiritsa mwala. Chitakumana ndi nthunzi kushopu kuja chinafewa nkupendekeka ngati kandulo yosiyidwa padzuwa. Mawu oti "ndinanena ine" anafika pamlomo pa mayiwo, koma atakumbukira mzere wofiira uja anawabweza.

"Palibe pulasitiki ina yosaopa kutentha?" anafunsa.

"Ilipo, amayi. Ndalakwitsa ndine. Sindimadziwa kuti ketulo yanu ndi yaukali chonchi."

"Inatengera mwini wake," anatero mayiwo, ndipo onse awiri anaseka koyamba chikumaniraneni.

Chachiwiri chinalimba. Mayiwo anachipala ndi sandipepala mpaka timizere ta makina titatheratu, nkukokerapo nsalu yobiriwira. Chingwe chinakhazikika m'kangalande popanda kulimbana nacho, ndipo chipewa chitauma m'kati mwake munali see, ngati m'kati mwa chigoba cha dzira.

Wamaluwa anachivala mwamantha. Anagwedeza mutu, anawerama ngati akutola kanthu, chipewa osasuntha. Kenako anayamba kusimba za diresi la mwana wake ndi za mkamwini wamanyazi amene amachita chibwibwi akamupatsa moni. Anatsanzika, anafika mpaka pamsewu, ndiye pomwe anabwerera akuseka.

"Taonani, ndimapita nacho osachikulunga! Ndinaiwala kuti ndavala."

Amayi ena amene ankalandira naye mankhwala kuchipatala atachiona, nawonso anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ndi mutu wake, aliyense nkupangiridwa chikombole chakechake. Mpongozi akaweruka kuntchito amadzera kushopu, ndipo masiku ano akuphunzira kukoka nsalu panthunzi osapsa zala. Munthu akafunsa kumene Mayi a Zipewa anapeza mmisiri watsopano, iwo amaloza mpongozi wawo ndi chibwano, monyadira.

Amene wabwera dzulo asamatsekedwe pakamwa, pakuti akuluakulu sananame: mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.