Mbalame Zoyang'ana Pansi

Pali mtsikana wina amene ndimamudziwa kuposa mmene ndingafunire. Kwawo amamutcha Chete, poti mawu ake amatuluka ngati ochita kugula. Atamaliza sukulu anayamba ntchito pa shopu yosoka ya azakhali ake: chipinda chimodzi, makina atatu, galasi long'aluka pakona, ndi tebulo lalitali lodulirapo nsalu.

Tebulo limenelo Chete ankalifuna ndi mtima wonse. Mabatani aliyense angasoke, koma telala weniweni ndi wogwira sizasi. Kunyumba ankayeserera kudula manyuzipepala akale mpaka zala kuda bii, osauza munthu.

Tsiku lina azakhali anavula magalasi n'kunena kuti, "Ana inu, maso anga akutha. Ndikufuna wophunzira kudula. Ndani?"

Mwana wawo, amene onse ankamuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima, analumpha. "Ine amayi! Ndinabadwa ndi sizasi m'manja ine!"

"Nanga iwe Chete?"

Chete anayang'ana pansi. Mumtima ankati: kodi saona okha? Amatsekula shopu m'mawa ndani? Mpaka ndichite kupempha? Koma pakamwa panangotuluka kuti, "Chilichonse, azakhali."

Azakhali anamuyang'ana kanthawi, kenako anapereka choko kwa Wailesi.

Kuyambira pamenepo m'shopumo munalowa chisanu. Chete sanakanepo ntchito. Ankangoyankha "chabwino" wouma ngati chikuni. Akamutuma ulusi, ankapita ngati akuyenda pa minga. Posita, simbi ankaiika pansi mwamphamvu mpaka mapini kudumpha m'mbale. Tepi yoyezera ya Wailesi inkasowa n'kukapezeka pansi pa zidutswa, ndipo msuweni wakeyo akaseka, iye ankauza khoma kuti, "Ena ndiye anabadwa ndi mwayi."

Azakhali anamuitanira pambali. "Mwana wa achimwene, chikukudya n'chiyani?"

"Palibe."

"Palibe wakoyu atiswera simbi. Ine ndinaphunzira kuwerenga tepi, nkhope ayi. Makutu ndili nawo, nena."

"Ndati palibe, azakhali."

Anamufunsanso sabata yotsatira. Yankho linali lomwelo.

Kenako kunabwera mayi wina amene anaphunzitsapo Chete masamu. Ankapuma pa ntchito, ndipo Loweruka sukulu inkawatsanzika. Anatambasula nsalu yabuluu ya mbalame zoyera zouluka kupita m'mwamba, mphatso yochokera kwa mwana wawo wokhala kutali. Inali yongokwanira diresi limodzi, ndipo ina yotero kunalibe koipeza.

Lachinayi azakhali anapita kukapimitsa maso. Wailesi anayala nsalu ija patebulo akusimba nkhani zitatu nthawi imodzi. Kutsogolo anadula bwino. Pofika kumbuyo anaona kuti malo akuchepa, ndiye anatembenuza pepala loyezera, mutu pansi, kuti likwane.

Chete anaona. Anaona bwinobwino kuti mbalame za kumsana ziyang'ana pansi.

"Msuweni, tabwera uone," anatero Wailesi. "Zili bwino eti?"

"Wodula ndi inu."

"Iii, ndiye ukunditi inu lero? Ndakula chaka chino!" Anaseka, ndipo sizasi inalowa m'nsalu. Chete anaweramira batani lake, n'kudzibaya chala.

Lachisanu aphunzitsi anabwera kudzayesa. Anaima pagalasi akumwetulira, n'kutembenuka kuti aone kumbuyo. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Mbalame zanga zikugwa," anatero motsitsa mawu.

Misozi inali mbwee m'maso mwa Wailesi. Kenako anati, "Komatu ndinamufunsa Chete."

Azakhali anatembenuka. "Unaona?"

Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanamugwira. Koma maso a aphunzitsi anali pa iye.

"Ndinaona."

"Ndiye bwanji?"

Zonse zimene anasunga mwezi wathunthu zinatuluka nthawi imodzi. "Tebulo lija ndinkalifuna ine! Munapatsa mwana wanu chifukwa ndi wanu!"

Azakhali sanakalipe. Anatsekula kabati n'kutulutsa sizasi yatsopano, ikadali m'pepala lake.

"Iyi ndinagula tsiku limene ndinapeza manyuzipepala ako odulidwa. Koma ntchito sakakamiza munthu, ndinkafuna ndimve pakamwa pako. Ndinakufunsa katatu. Tebuloli ndi lalitali, awiri mukanakwanapo." Anaibweza m'kabati n'kutseka. "Koma sindingapatse sizasi munthu woona nsalu ya mwini ikuwonongeka, iye n'kumasoka batani."

Aphunzitsi anavula diresi lija n'kulipinda okha. Anati mawa avala lakale. Pakhomo anaima n'kuyang'ana Chete. "M'kalasinso unali choncho, mwanawe. Yankho unkalidziwa, koma dzanja osakweza."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa mbama.

Mpaka lero Chete akusokabe mabatani, ndipo kabati ija sinatsekulidwenso. Anapepesa kwa Wailesi, amene anakhala masiku awiri osamulankhula, chinthu chimene anthu oyandikana nawo akuchikambabe. Dzulo azakhali anamupatsa mulu wa mayunifolomu nthawi yoweruka itakwana. Chete anamva "chabwino" uja akubwera, anamumeza, n'kunena kuti, "Azakhali, ndatopa. Ndingamalize mawa?"

"Mawa," anatero azakhali, osadzutsa n'komwe mutu. Zinathera pomwepo.

Ali m'njira Chete analira, poona kuti chimene anachiopa mwezi wonse chinali chopepuka chotero. Anthu okhala nawo, ngakhale okukonda, sangalote chili mumtima mwako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.