Chala Paphazi la Mwana

Chaka chimene mvula inadula chimanga chisanamasule, makina a telala anakhala chete miyezi inayi. Ndani angasoketse malaya m'mimba mukulira? M'nyumbamo ankadya kamodzi patsiku, koma mkazi wa telalayo ankatsukabe mbale panja katatu kuti anthu aone.

Achithandizo atafika pasukulu ndi matumba a ufa ndi kalamba koyezera mikono ya ana, iye anakana kukaima pamzere.

"Ife si opemphetsa," anauza mwamuna wake. "Taonani masaya a mwanayu. Akunenepa!"

Pakamwa pankatero, koma maso ankaona zina. Kamtsikana kake ka zaka ziwiri kanali katasiya kuseka, tsitsi litafiira, nsapato zikukathina. Iye ankadzitonthoza kuti n'kukula.

Tsiku lina panaima pakhomo mayi wogulitsa makala, amene sankalankhulana naye chikanganirane za chingwe choyanikira zovala.

"Anzanga, tabweretsani mwanayo."

"Ndi manja akudawo?"

"Makala amachoka ndi sopo. Bweretsani."

Wamakalayo anadinikiza chala paphazi la mwana. Atachotsa, panatsala kadzenje kosabwerera.

"Uku si kunenepa, mayi. Ndi kutupa kwa njala. Wanga woyamba ndinamuika m'manda ali ndi masaya ngati amenewa, anthu akundiyamikira kuti ndimadyetsa bwino."

Mkazi wa telala anabereka mwana osasintha n'zovala zomwe, n'kuthamangira kusukulu kuja, wamakala ali patsogolo kung'amba mzere: "Tapatukani, wodwala uyu!"

Achithandizowo anawatumiza kuchipatala, komwe anagona sabata ziwiri, mwana akumwa mkaka wamankhwala pang'onopang'ono. Kutupa kutaphwa mwanayo anatsala nthiti zokhazokha, mayi ake n'kulira kuti achipatala amuwonjezera matenda.

"Pukutani misozi," anatero namwino. "Uyu ndiye mwana wanu weniweni. Tiyambire pamenepa."

Potuluka anawalembetsa kuti azilandira ufa, kenaka anawapatsa mbewu ya mapira ndi khobwe. Mvula itabweranso anabzala, zinamera. Pamene khobwe ankachita maluwa, kamtsikana kaja kanali kothamangitsa nkhuku za wamakala pabwalo, kakuseka chikhakhali.

"Ndinadzipulumutsira mdani!" anakalipa wamakala. "Tamugwirani, nkhuku zanga zisiya kuikira!"

Mkazi wa telala sanamugwire. Anangoima pakhomo, misozi ili lengelenge, akuyang'ana timiyendo tija tikuponda fumbi.

Chikhala kuti anthu onse anangomuyamikira masaya, bwenzi lero pabwalopo pali zii. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.